Mawondo a Mwana wa Mlongo Wanga

Amayi anu ndiwo andigulira kope ili. Akuti ndilembe kuti mwina ndingakhale pansi, chifukwa chipumire pantchito ndimangozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Akunena zoona. Za ubwana wanga sindilemba, munazimva mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pamene boma linandipatsa choko, ndipo ndikathera pa nkhani ya msuweni wanu Amina, yemwe wakhala akusewera basiketibolo ku Jeremani. Nkhani imeneyi mumaidziwa mbali imodzi yokha, ija ndinkakuuzani ndikudzitama. Mbali inayo ndi iyi.

Chowe ndi Lungwena, kuyambira ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu

Sukulu yanga yoyamba inali kumapiri a ku Chowe. Ndinafika ndi sutikesi yamalata ndi mtima woti ndikasintha dziko, koma ndinapeza makalasi awiri okha ofolera, ena onse pansi pa mitengo ya mango. Choko tinkadula patatu. Ahedi, a Kamwendo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Inu miyendo ikadali yanu. Zamasewera zonse ndi zanu." Umo ndi mmene ndinakhalira mphunzitsi wa masewera, popanda kalata, popanda kufunsidwa. Sukulu yonse inali ndi mpira umodzi, ndipo mpirawo unkagona kunyumba kwa ahedi, kumene ana awo ankaumenya Loweruka mpaka kuusosola. Ine mukundidziwa, mtima wanga ndi wapachala. Tsiku lina ndinakautenga ndekha pakhonde pawo, akazi awo akuona. Patangotha miyezi itatu kalata yosamuka inabwera, ndipo sindinalire nayo.

Ku Lungwena ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Kumeneko ndinaphunzira kupalasa njinga mumchenga, ndinakwatira amayi anu, ndiponso ndinazindikira kuti ndili ndi diso loona mwana waluso. Atsikana anga a ntchemberembaye ankasewera opanda nsapato koma sukulu zoyandikana zinkatiopa. Komabe mtima sunakhazikike. Ndinkaona ngati kwina kuli chinthu chachikulu chimene chikundidutsa, choncho ndinapempha ndekha kuti andisamutsire kwathu, kufupi ndi Nkhudzi.

Nkhudzi, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zitatu

Mlongo wanga Hawa, azakhali anu amene aang'ono a inu simukuwakumbukira, ankaphika pa kanyumba kena ka alendo m'mbali mwa nyanja. Kumeneko kunafika Mjeremani wina wodzakonza injini za maboti. Dzina lake linali Dita, koma palibe ankamutchula choncho. Anthu anamupatsa dzina loti Che Mlongoti, chifukwa munthuyo ankawerama pa chitseko chilichonse m'mudzimo, ngakhale cha kumzikiti. Ankayenda motsimphina pang'ono. Anamukonda Hawa, analowa Chisilamu, ukwati unamangidwa, ndipo anthu anabwera kuchokera kutali kudzaona mzungu akuumba njerwa kuchikamwini.

Tsiku lina anandipeza ndikuphunzitsa atsikana pabwalo. Anatola mpira, n'kuuponya ali kutali kwambiri, mpira uja n'kulowa m'golo osakhudza chitsulo. Ana anakuwa. Ine ndinati, "Alamu, mwangochita mwayi, bwerezani." Anabwereza kasanu. Kenako tinakhala pa chitsa ndipo anandifotokozera, mu Chingelezi chosakaniza ndi Chichewa chake chothyokathyoka, kuti kwawo imeneyo inali ntchito yake. Anayamba ali mnyamata mu timu ya m'tauni ya kwawo, atakula matimu akuluakulu anayamba kumulimbirana, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi ankangosamuka, timu iyi zaka ziwiri, iyo zitatu, osamanga nyumba kulikonse. Ndinati, "Mukuti munthu wamkulu, wandevu, n'kumalipidwa chifukwa choponya mpira m'dengu?" Anaseka, n'kukwinya buluku mpaka m'ntchafu. Bondo lake lamanzere linali ndi zipsera zitatu zazitali. Anati, "Alamu, masewera awa amapatsa zambiri, koma amadya mawondo. Ine anandidya ndisanafike zaka makumi atatu." Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino, musadzaganize kuti sindinawamve.

Tinamanga bwalo la basiketibolo kuseri kwa sukulu. Ahedi a nthawi imeneyo, a Gondwe, anakana poyamba. "Ana alibe mabuku, inu mukufuna mpira wa azungu?" Ndinawayankha kuti mabukuwo sabwera chifukwa choti ana akhala chete. Tinathira dothi la pachulu n'kulisinja mpaka linauma ngati simenti. Magolo tinapanga ndi malimu a njinga, tinawakhomera pa zitseko zakale za makabati, ndipo msodzi wina anatipatsa zidutswa za ukonde. Mpira unkaboola ndi minga sabata iliyonse, wokonza njinga pamsika ankaumata mpaka unadzaza zigamba. Koma ine, abale, ndinapenga nawo masewerawo. Ndinaona kuti ichi ndicho chinthu chachikulu chija ndinkachifuna.

Amina anabadwa chaka chotsatira. Ali ndi zaka zisanu, ntchito ya bambo ake inatha. Hawa anakana kupita ku Jeremani, anati sangasiye mbumba n'kukakhala kumalo kopanda womulirira akadwala. Che Mlongoti anapita yekha. Sindimunena zoipa, chifukwa chaka chilichonse ankatumiza mpira watsopano ndi nsapato za mwana, nsapato iliyonse yokulirapo kuposa inzake.

Pepala, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri

Amina atafika zaka khumi ndi zitatu anali atandipitirira kale msinkhu. Ndaphunzitsa ana ambiri, koma ngati ameneyu sindinamuonepo. Ankasewera ndi anyamata a Sitandade 8 n'kuwasiya akuyang'anana. Ndine ndinamuphunzitsa kudumpha, pa dothi louma lija, mobwerezabwereza mpaka dzuwa kupendeka.

Chaka chimenecho Hawa anadwala milungu iwiri yokha n'kutisiya. Titatha mapemphero a masiku makumi anayi, Che Mlongoti anafika, tsitsi litayamba kuyera, n'kupempha kuti amutenge mwana. Tinakhala pamkeka. Wamkulu wa amayi onse m'banja mwathu anali Abiti Saidi, mng'ono wa amayi anga, munthu wogulitsa usipa amene sanagonjepo pa mkangano uliwonse wa pamsika. Sanadikire n'komwe kuti ndimalize kumasulira. Anati, "Muuzeni kuti kuno mwana ndi wakuchikazi. Bambo ndi mlendo, anabwera ndipo anapita. Hawa watisiyira mwana mmodzi yekhayu, ndiye tipatsenso ndege? Ayi." Amayi ena onse anavomereza. Kenako anatembenukira kwa ine. "Yusufu, mwini mbumba ndiwe. Wamva zimene mbumba yako yanena."

Ndinamva. Koma m'mawa mwake ndinamupeza Amina pabwalo, akuponya yekha. Ndinamufunsa chimene iye akufuna. Sanandiyang'ane ine malume wake, anangoti, "Ajomba, akuti kumeneko bwalo lake ndi lamatabwa, lili m'nyumba, mvula ikagwa amasewerabe. N'zoona?" Ndinati n'zoona. Anaponyanso mpira.

Masiku atatu ndinayenda ngati wamisala, kunyanja, kusukulu, kumsika, kubwerera. Lachinayi ndinavala jekete, ndinauza amayi anu kuti ndikupita kumsonkhano wa aphunzitsi, ndinakwera minibasi pamodzi ndi Che Mlongoti mpaka kuboma, ndipo ndinasaina pepala lololeza mwana kutuluka m'dziko. Ndekha. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuuza anthu kuti ndinachitira tsogolo la mwana, sukulu yabwino, chipatala chabwino. Zimenezo zinalipo, sindikana. Koma pansi pa zonsezo panali china. Ndinkafuna kuti mwana amene ndinamuphunzitsa ine, Yusufu wa malimu a njinga, akasewere pa matabwa, anthu akaone kuti diso langa silinama. Ndinali nditaona bondo la bambo ake ndi maso angawa, koma ndinasainabe.

Nkhani itamveka, mudzi unatentha. Amayi analira ngati maliro achiwiri. Ena ananena poyera kuti ndagulitsa mwana kwa mzungu. Ine pofuna kuzimitsa moto ndinayankhula mawu amene anadzandimanga. Ndinati, "Mwana sakupita mpaka kalekale. Abwera pa holide chaka chamawa. Ndipo sadaka yaikulu ya Hawa sitiphika mpaka mwana wake atakhala pano pakati pathu." Abiti Saidi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tamva, aphunzitsi. Mpunga udikira." Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso Yusufu. Ndinakhala aphunzitsi, ngati mlendo wobwera ndi kalata ya boma.

M'tauni ya Mangochi, zaka khumi ndi zitatu zomaliza pantchito

Sindinathe kukhala m'mudzi. Ndinapemphanso kusamuka, ndipo anandiika pa sukulu ina m'tauni. Kumeneko ndinasinthana ndi mahedi anayi, awiri ndinayambana nawo. Ana anali mazana m'kalasi, madesiki osakwana, bwalo la basiketibolo kunalibe ndipo ine sindinafunenso kumanga lina. Thupi linali m'kalasi, mtima uli ku Jeremani.

Chaka chamawa chija Amina sanabwere, chifukwa ankaphunzira chilankhulo kuti alowe sukulu. Chaka chinacho anamutenga mu timu ya atsikana ya m'tauni ya bambo ake, ndipo holide yonse anali kokonzekera. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anasaina kontilakiti yake yoyamba mu ligi yachiwiri. Patapita zaka ziwiri timu ya mu ligi yaikulu inamugula. Kenako anayamba moyo uja wa bambo ake, mzinda uwu zaka ziwiri, uwo chaka chimodzi, mayina ake ovuta kutchula moti ndinkawalemba kuchikuto kwa rejisitala. Anatenga pasipoti ya ku Jeremani, ndipo chaka china anamuitana kukayesedwa ku timu ya dziko lawo. Tsiku limenelo ndinagulira aphunzitsi onse mandasi. Nthawi zonse ndikamufunsa za kubwera, yankho linali limodzi. "Ajomba, sizoni ikatha." Sizoni ikatha kunkabwera kokonzekera, kokonzekera kukatha sizoni ina yayamba. Chichewa chake chinkachepa chaka ndi chaka, mpaka chinatsala moni ndi zikomo, zina zonse tinkayankhula Chingelezi.

Chaka chilichonse ikayandikira nthawi imene Hawa anamwalira, ashehe a kumudzi ankanditumizira uthenga wofunsa za sadaka. Abiti Saidi ankawayankha ndisanayankhe ine. "Funsani aphunzitsi. Iwo ndiwo akudziwa za mpunga." Mabanja ena ankaphikira akufa awo, kuitana anthu, kuwapempherera. Mlongo wanga yekha ankadikira chifukwa cha pakamwa panga. Zinkandiwawa kwambiri, ndipo m'malo mopepesa ndinkabwezera ndi kudzitama. Ndikapita kumudzi ndinkanyamula foni, n'kumaonetsa aliyense zithunzi: uyu Amina wanyamula chikho, apa akumufunsa atolankhani, apa anthu odzaza nyumba akumuwombera m'manja. Ndinkafuna amve kuti sindinalakwe.

Zimene sindinawaonetse ndi izi. Tsiku lina pa nthawi yopuma, ndili mu ofesi ya aphunzitsi, ndinkaonera masewera ake a dzulo lake pafoni. Anadumpha, anatera, mwendo wamanja unapindikira kumene mwendo supindikira, ndipo anagwa akugwira bondo. Foni inaima pomwepo chifukwa cha netiweki, chithunzi chili njo, pakamwa pa mwana pali yasa. Ndinathamanga mpaka kumpanda kufuna netiweki, belu likulira, ana akundidikira. Ahedi, mayi Chirwa, anandipeza komweko. "A Yusufu, kalasi ilibe mphunzitsi." Ndinawakalipira mayi osalakwa, ndipo ndinakapepesa mawa lake. Anamuchita opaleshoni, anakhala chaka osasewera, anabwerera. Patapita zaka zitatu bondo lomwelo linadukanso, kenako linayamba lamanzere. Zonsezi kumudzi sindinauze munthu ngakhale mmodzi. Ndikananena bwanji? Kukanakhala kuvomereza kuti Abiti Saidi ankanena zoona.

Kumudzi, chaka chatha, ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi

Foni inalira ndikuthirira mbewu kuseri. "Ajomba, ndasiya mpira. Adokotala akuti basi. Ndikubwera." Anali ndi zaka makumi atatu. Chichokereni panali patapita zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Ndinauluka. Ndinauza ashehe, ndinagula mbuzi ziwiri ndi matumba a mpunga, ndinatumiza uthenga kwa abale a ku Lungwena ndi a ku Chowe. Tsiku lililonse ndinkamuimbira Amina kumuphunzitsa mawu ngati mwana wa Sitandade 1: umu ndi mmene upereke moni kwa agogo ako, umu ndi mmene uyankhe, uvale chitenje, ufunde kumutu. Ndinakonza zonse. Chinthu chimodzi chokha sindinachiganize, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti mutu wanga unali kuti. Kwathu kuno mwana wamkazi sapereka moni kwa akuluakulu ali chiimire.

Ndinakamuchingamira ku bwalo la ndege, ndipo tinafika kumudzi m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Amayi anali atadzaza pamikeka pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pa Hawa. Miphika inali itatsukidwa, nkhuni zili pamafuwa, koma moto sanayatse. Abiti Saidi analamula kuti mpunga usakhudze madzi mpaka iwo atamuona mwana ndi maso awo. Anali atakalamba kwambiri, osatha kuimirira popanda wowagwira, atakhala pakati atatsamira tsinde la mtengo. Amina anatsika m'galimoto, wamtali kuposa chitseko cha nyumba ya amayi ake, chitenje chikumulekeza m'akatumba. Anayenda mpaka pamaso pa gogoyo, anawerama m'chiuno, anatambasula dzanja, n'kunena bwinobwino mawu onse amene ndinamuphunzitsa.

Dzanja la Abiti Saidi silinachoke pamiyendo pawo. Kumbuyo ndinamva wina akunong'ona kuti, "Waimirira." Wina anati, "Ndi mzungutu ameneyu, mumati agwadira ndani?" Amina anandiyang'ana, dzanja lidakali m'malere, osadziwa chimene walakwa. Ndipo ine, mjomba wake, amene ndinkadziwa za maopaleshoni onse atatu, manyazi anandigwira ndipo mtima uja wapachala unanditsogolera. Ndinamuyandikira n'kumuuza mu Chingelezi, mokalipa, kuti agwade.

Sanatsutse. Anaika dzanja paphewa panga n'kuyamba kutsika. Ndinamva kulemera kwake konse. Bondo lamanzere linapinda pang'ono, lamanja linakana. Anakakamiza, thukuta lili kamukamu pamphumi, milomo ataluma. Bondo linalira, aliyense anamva. Kenako dzanja linaterereka paphewa panga ndipo anagwa cham'mbali pamkeka, chitenje n'kutseguka mpaka pamwamba pa mawondo.

Zipsera zinali pambalambanda. Zazitali ziwiri kumanja, china kumanzere, ndi timabowo tambiri tozungulira, bondo lamanja lotupa ngati papaya. Amayi ena anagwira pakamwa. Abiti Saidi anadzikoka pamkeka mpaka anafika pafupi, anaika zala zawo pa chipsera chachikulu n'kuchitsatira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anafunsa osandiyang'ana.

"Ichi n'chiyani?"

"Mpira, amayi. Anamung'amba katatu. Sangathe kugwada."

"Liti?"

"Koyamba papita zaka zisanu ndi ziwiri."

"Inu munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Pa zithunzi zanu zija ichi sitinachione."

Ndinavomera kuti ndinawabisira. Ndipo poti zinali zitayamba kutuluka, ndinamaliza. Ndinawauza kuti bambo ake anandionetsa bondo lawo mwana asanabadwe n'komwe, anandichenjeza, ndipo ine ndinasainabe. Amina ali pansi anafunsa zimene tikukambirana. Nditamumasulira anapukusa mutu, n'kunena kuti ndiwauze agogo kuti palibe anamukakamiza, mpirawo ankaukonda ndipo atabadwanso akhoza kuusewera. Ndinamasulira mawu onse. Abiti Saidi anangoti, "Mwana wa zaka khumi ndi zitatu amakonda zambiri. N'chifukwa chake amakhala ndi mjomba."

Kenako anaitana amayi awiri. "Mudzutseni mwanayo, pang'onopang'ono. Inu awiri, dzutsani ine." Anthu anayesa kuwaletsa, iwo anawakalipira. Anawaimika, miyendo ikunjenjemera, mutu wawo ukulekeza m'nthiti mwa Amina. Gogo wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu anapereka moni kwa mdzukulu wake ali chiimire, anamugwira manja onse awiri, anayang'ana m'mwamba kufuna nkhope yake, n'kunena kuti, "Mphuno iyi ndi ya Hawa." Pamenepo amayi onse anayamba kulira, Amina nayenso, ine ndinayang'ana kumbali. Gogo uja anakuwa kuti abweretse mpando wa mwana, ndipo moto uyatsidwe.

Ndinaona ngati zatha. Ndinatembenuka kuti ndipite kwa abambo kumene ashehe ankadikira. Ndinangoyenda mapazi awiri.

"Yusufu."

Ndinaima. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinali ndisanalimve dzina langa pakamwa pawo.

"Pamkeka pano pakufunika munthu wogwada lero. Mwanayu mawondo anasiya kumene unamutumiza. Ako ali bwanji?"

Ana anga, inu amene muli ndi alongo, tsiku lina mudzakhala eni mbumba, ndipo pepala lina lidzabwera pamaso panu. Sindikuuzani kuti musaine kapena musasaine. Amina akuti sadandaula, ndipo ndimamukhulupirira, ngakhale ndimamuona mmene amatsikira masitepe. Ndikungokuuzani zimene zinachitika pansi pa mtengo wa mango uja, mpunga wa mlongo wanga ukuthiridwa m'madzi, ashehe ndi abambo onse akuonera chapatali. Ndinavula chipewa, ndinavula nsapato, ndinakwera pamkeka wa amayi.

Ndinagwada mosavuta. Mawondo anga analibe vuto lililonse.